Mafunso ndi Mayankho: Khonsolo ikufuna kudula paki yathu

Bambo Mlangizi,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala m'tauni ina yaing'ono m'chigawo cha Indiana kuno ku America, ndipo magazini yanu ndimawerengera pa foni. Kuseri kwa nyumba zomwe timachita lendi kuli paki ya maekala ngati 12. Ana amasewera mpira kumeneko, ifenso Amalawi a kuno tikafuna kuotcha nyama pa 6 July timakumana pansi pa mitengo yake. Tsopano khonsolo yalengeza kuti ikufuna kudula maekala atatu a mbali ya kumsewu, igulitse kwa kampani yomanga mashopu. Pamsonkhano, bambo wina wachikulire anaimirira n'kunena kuti zimenezo sizingatheke chifukwa pakiyi inalandira ndalama za boma lalikulu m'zaka za m'ma 1970. Pageti palidi kachikwangwani kolembedwa kuti Land and Water Conservation Fund. Mkulu wa khonsolo anayankha kuti ndalamazo zinali zochepa, zinangomangira zimbudzi ndi akatungwe kumapeto ena a paki, ndiye ngati n'kofunika azibweza basi. Anatinso khonsolo ili ndi malo ena kutsidya kwa msewu waukulu omwe ingatipatse. Akunena zoona ndani? Nanga ine wobwera, wopanda unzika, ndili ndi pakamwa pa nkhani ngati imeneyi?

*Mayi wodandaula, Indiana*

Zikomo Mayi. Onse awiri alakwitsa, koma mkulu wa khonsoloyo ndiye walakwitsa kwambiri.

Tiyambe ndi kachikwangwani kaja. Land and Water Conservation Fund ndi thumba la ndalama lomwe Pulezidenti Lyndon Johnson anasainira lamulo lake mu September 1964, ndipo linayamba kugwira ntchito mu January 1965. Zambiri mwa ndalama zake zimachokera ku makampani okumba mafuta ndi gasi pansi pa nyanja, omwe amalipira boma pa zimene akumbazo. Kuchokera mu 2020, pamene lamulo la Great American Outdoors Act linadutsa, thumbali limalandira madola 900 miliyoni chaka chilichonse osadikiranso kuti aphungu akambirane. Gawo lina la ndalamazi limapita ku zigawo, zigawozo n'kumagawira mizinda ndi matauni kuti agule malo kapena akonze mapaki. Kawirikawiri thumba limalipira theka la mtengo wa ntchito, theka linalo tauni idzionere yokha. Ntchito zomwe zathandizidwa motere zapitirira 40,000, ndipo pafupifupi boma lililonse laling'ono la ku America lili ndi paki imodzi kapena zingapo zomwe zinadyako.

Ndalamazi zili ndi chingwe. Ndime ya lamulo yomwe anthu amaitchula kuti 6(f)(3) imati malo aliwonse ogulidwa kapena okonzedwa ndi thandizoli asasinthidwe ntchito kuchoka pa kukhala malo apanja osangalalirako anthu onse, pokhapokha nduna yoona za malo a boma itavomereza. Pochita zenizeni, amene amavomereza m'malo mwa ndunayo ndi National Park Service, nthambi yoyang'anira mapaki a boma lalikulu. Lamulolo silinaike malire a zaka. Zimbudzi zinamangidwa m'ma 1970 zija zikhoza kukhala zinagwa kalekale, akatungwe anachita dzimbiri n'kuzulidwa, koma chingwecho chili pa nthaka, ndipo nthaka ikadalipo.

Zoti "tibweza ndalama" iwalani. Lamulo silinapereke njira yotero. Khonsolo singalembe cheke n'kumasuka, ngakhale itawonjezera chiwongola dzanja cha zaka 50. Malo amabwezedwa ndi malo anzake.

Zoti thandizo linangokhudza ngodya ya zimbudzi nazonso sizimveka msanga chotero. Tauni ikalandira ndalamazi imasainira mapu osonyeza malire a malo otetezedwa, ndipo nthawi zambiri malirewo amazungulira paki yonse, osati kadera kokha komwe amisiri anakumba maziko. Mapu amenewa, Mayi, ndiwo mutu wa nkhani yanu yonse. Musanakangane ndi aliyense, muwaone ndi maso anu. Kwanuko amasungidwa ku Indiana Department of Natural Resources, ofesi yomwe imayendetsa thumbali m'chigawo chanu, ndipo ena amakhala ku National Park Service. Lembani kalata yaifupi yopempha zinthu zitatu: mgwirizano womwe tauni inasaina, mapu a malire, ndi makalata aliwonse omwe khonsolo yalemba posachedwapa okhudza kusintha ntchito ya malowo. M'kalatamo mutchule mawu akuti "6(f) boundary map" (mapu a malire aja) ndi "conversion" (kusintha ntchito ya malo), poti ndi omwe alembi a kumeneko amagwiritsa ntchito. Indiana ili ndi lamulo lake lolola anthu kuona zikalata za boma, la Access to Public Records Act, ndipo silifunsa kuti munabadwira kuti.

Kufunika kwa mapu kunaoneka bwino ku Brooklyn, mumzinda wa New York. M'mbali mwa mtsinje wa East River, pafupi ndi mlatho wotchuka wa Brooklyn Bridge, muli nyumba yakale ya njerwa yomwe kale inkasungira fodya, yotchedwa Tobacco Warehouse. Inali yopanda denga, makoma okhaokha, ndipo anthu ankachitiramo maukwati ndi magule. Inali mkati mwa paki yomwe inalandira ndalama za thumba lomweli. Akuluakulu anati nyumbayo inalowa m'mapu mwangozi, ndipo National Park Service inavomera kujambula mapu ena oitulutsa, kenaka akuluakuluwo anafuna kuipereka kwa gulu la zisudzo la St. Ann's Warehouse. Mabungwe a anthu okhala m'deralo anakasuma. Mu 2011 woweruza Eric Vitaliano anagamula kuti zimenezo n'zosemphana ndi lamulo: malo akalowa m'malire satulutsidwa ndi cholembera, ayenera kudutsa njira yonse ya kusintha. Koma mumve mathero ake. Mzinda unatsata njirayo, unapereka malo ena pansi pa mlatho wa Manhattan Bridge kuti akhale paki, ndipo gulu la zisudzo linalowa m'nyumba ija mu 2015. Osuma aja anapambana mlandu, anapezera anthu malo atsopano, koma nyumbayo inapitabe.

Apa ndi pamene bambo wachikulire uja analakwitsira. Lamulo silikuti paki singadulidwe. Likuti ikadulidwa pakhale chobwezera, ndipo chobwezeracho chikwanitse miyeso ingapo. Ndikuuzani miyesoyo momwe ndimaionera ine, kuyambira yolimba kukafika yofooka.

Wolimba kwambiri ndi wa mtengo. Malo obwezera ayenera kukhala a mtengo wofanana kapena woposa wa malo otengedwa, pa mtengo wa pamsika wa lero, osati wa 1975. Amawerengera ndi akatswiri ovomerezeka, motsata buku la malamulo a boma lalikulu lomwe amalitchula kuti Yellow Book. Apa khonsolo yanu yadzitchera ndale yokha. Ngati kampani ikulimbirana maekala atatu a kumsewu, ndiye kuti malowo ndi odula, ndipo chobwezera chake chiyenera kufika pamtengo womwewo. Funsani kuti malipoti a owerengera mtengo a mbali zonse ziwiri aikidwe poyera.

Wachiwiri ndi wa gawo lotsala. Akadula maekala atatu, asanu ndi anayi otsalawo ayenera kukhalabe paki yogwiritsika ntchito. Ngati podulapo atenga geti ndi poimika magalimoto, kapena bwalo la mpira litsala theka, malamulo amati gawo lowonongekalo nalonso libwezedwe. Ambiri amaiwala mfundo imeneyi. Tengani tepi muyeze bwalo lomwe ana anu amasewerapo, muone pamene mpanda wa mashopu udzadutse, mujambule zithunzi Loweruka masana pakakhala anthu.

Wachitatu ukukhudza malo a kutsidya kwa msewu aja. Popeza ndi a khonsolo kale, funso n'lakuti akhala akugwira ntchito yanji. Ngati anapatulidwa kale kapena akhala akusamalidwa ngati malo osangalalirako, sangawerengedwe kukhala chobwezera, chifukwa kutero n'kukupatsani chinthu chomwe chinali chanu kale. Ngati ndi malo omwe khonsolo inkasungirapo mchenga ndi mathirakitala, akhoza kuloledwa, makamaka poti thandizo la paki yanu linali lomangira, osati logulira nthaka. Fufuzani mbiri ya malowo kwa anthu akale a m'tauniyo, ngati bambo uja.

Khonsolo iyeneranso kusonyeza kuti inayesa njira zina zonse zotheka n'kuzikana pa zifukwa zomveka. Pa msewu kapena paipi ya madzi, n'kosavuta kunena kuti palibe kwina kodutsa. Pa mashopu n'kovuta, chifukwa shopu imamangidwa paliponse. Muwafunse pamsonkhano kuti malo ena omwe anawaganizira ndi ati, ndipo yankho lilembedwe m'maminitsi.

Tsopano muyeso wofooka, womwe ndi umene umapweteka anthu. Lamulo limati chobwezera chikhale chofanana "moyenerera" pa ntchito yake ndi pa malo pamene chili. Mawu amenewa ndi otakasuka, ndipo malamulo a National Park Service amanena poyera kuti malo atsopano sayenera kuchita kukhala ogundana kapena oyandikana ndi akale. Kwathu, munthu atakulandani dimba la m'mphepete mwa mtsinje n'kukupatsani munda waukulu wa pamtunda pamiyala, ulendo wa ola lathunthu, amfumu sangavomere kuti mwafanana. Ku ofesi, papepala, nthawi zina zimafanana. Palinso kampata kena: dambo lomwe lili pa mndandanda wa madambo ofunika m'ndondomeko ya chigawo limatengedwa kuti ndi lofanana pa ntchito ndi malo aliwonse otengedwa. Ndiye mukhoza kutaya bwalo la mpira n'kulandira malo a achule, bola mtengo ukwane.

Simuyenera kupita kutali kuti muone zimenezi. Kuchokera ku South Bend, komwe Amalawi ambiri a m'chigawo chanu amakhala, ndi ulendo wosakwana ola pagalimoto kukafika ku Benton Harbor, m'chigawo cha Michigan. Kumeneko kuli Jean Klock Park, m'mphepete mwa nyanja ya Michigan, malo a mchenga ndi timapiri tamchenga omwe John ndi Carrie Klock anapereka kwa mzindawo mu 1917 pokumbukira mwana wawo wamkazi amene anamwalira ali wakhanda. Benton Harbor ndi mzinda wosauka, wa anthu akuda ambiri. Pakiyo inalandirapo ndalama za thumba lomweli. Kenaka kunabwera ntchito ya Harbor Shores, ya nyumba zapamwamba ndi bwalo la gofu lojambulidwa ndi katswiri wa gofu Jack Nicklaus, ndipo eni ake anafuna maekala 22 a pakati pa paki kuti aikepo maenje atatu oyang'ana kunyanja. Mu 2007 National Park Service inakana, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti anthu sanapatsidwe mpata wokwanira wopereka maganizo. Mzinda unakonza mapepala, unachititsa msonkhano wa anthu, unatumizanso, ndipo mu 2008 chilolezo chinatuluka. Chobwezera chinali tizidutswa tingapo tomwazikana cha kumtunda, kuphatikiza pamodzi n'tokulirapo kuposa maekala 22 aja, koma tina tinali malo akale a mafakitale okhala ndi nthaka yoipitsidwa ndi mankhwala. Anthu ena anasuma m'makhoti a boma lalikulu ndipo analuza. Lero gombe likadali la anthu onse, koma kuseri kwa mchenga kuli gofu. Ine ndimaona kuti anthu a ku Benton Harbor anaonongeredwa, ngakhale zonse zinayenda motsata lamulo.

Ku Bronx nkhani inali ya nthawi. Timu ya masewera a baseball ya Yankees itafuna bwalo latsopano, mzinda wa New York unatenga maekala pafupifupi 22 a Macombs Dam Park ndi Mullaly Park. Aphungu a chigawo anavomereza mu 2005, National Park Service inavomereza mu 2006, ndipo chaka chomwecho mitengo inagwetsedwa. Bwalo la timu linatsegulidwa mu April 2009. Mabwalo obwezera a Heritage Field, omangidwa pomwe panali bwalo lakale, anatsegulidwa mwalamulo mu 2012, ndipo gawo lina la chobwezera linaikidwa padenga la nyumba yoimikamo magalimoto. Mwana yemwe anali ndi zaka 10 pamene mpanda unazungulira paki yake anafika zaka 16 asanalandire zonse zomwe analonjezedwa. N'chifukwa chake ndikuti mukakamire tsiku: paki yatsopano itsegulidwa liti, ndalama zokonzera zichokera kuti, ndipo zilembedwe mumgwirizano ndi kampaniyo kuti fosholo isalowe m'paki yakale yatsopano isanakonzeke.

Ndiye mphamvu zanu muziike pati? Kukuwa kuti "simungathe" kumatha msanga, chifukwa loya wa khonsolo adzakuwerengerani ndime ija n'kukusonyezani kuti angathe. Chimene chimagwira ntchito n'kuwakakamiza kulipira mtengo wonse wa lamulo, osadumpha sitepe. Akawerengera owerengera mtengo, kafukufuku wa zachilengedwe, kugula kapena kukonza malo ena, ndi miyezi yambiri yodikira chilolezo, makhonsolo ena amaona okha kuti phindu la mashopu lathera m'njira, nkhani n'kuzizira. Ikapanda kuzizira, mudzatuluka ndi chobwezera chomwe ana anu angafikeko wapansi osawoloka msewu wa malole. Pa msewu waukulu umenewo limbikirani kwambiri. Lembani kuti ndi mabanja angati opanda galimoto omwe amadalira pakiyi, ndipo pali powolokera kapena ayi. Umenewo ndi umboni wa "ntchito ndi malo" womwe ofesi ya chigawo iyenera kuuyankha.

Dziwaninso kuti khonsolo silemba yokha ku National Park Service. Pempho limadutsa ku boma la chigawo, ndipo chigawo ndicho chimakhala ndi mlandu tauni ikaphwanya mgwirizano. Choncho a ku Department of Natural Resources sakonda kumva kuti tauni yagulitsa malo otetezedwa mwakachetechete. Kuwaimbira foni lero, malonda asanasainidwe, n'kothandiza kuposa kusuma mawa.

Za unzika musade nkhawa. Pamsonkhano wa khonsolo, ndiponso pa nthawi yolandira maganizo a anthu pa kafukufuku wa zachilengedwe, wokhala m'deralo aliyense akhoza kulankhula kapena kulemba. Chenjezo langa ndi limodzi, ndipo ndi lalikulu: nkhaniyi ikafika pa voti, kapena wina akabwera ndi pepala lofuna masiginecha a anthu olembetsa kuvota, inu musakhudze. Kuvota kapena kudzitcha nzika musanakhale nzika kukhoza kukuonongerani mapepala anu onse. Kalata wamba yodandaula sainani, koma pepala lililonse muyambe mwawerenga pamwamba pake. Ndipo ngati gulu lanu lingaganize zokasuma, pezani loya wa kwanuko wodziwa za malo. Ine ndakupatsani poyambira chabe.

Bambo Mlangizi, kuno ku Maryland dziwe losambiramo la m'paki yathu, lomwe linamangidwa ndi ndalama za thumba la boma lalikulu, latsekedwa chifukwa likudontha. Akuti alikwirira. Kodi samakakamizidwa kulikonza? *Bambo wa ku Maryland*

Ayi Achimwene, samakakamizidwa kulisunga mpaka muyaya. Chomangidwa chikatha ntchito, kapena kukonza kwake kukadula mopitirira nzeru, tauni ikhoza kudziwitsa ofesi ya chigawo n'kuchichotsa. Akhoza kukwirira dziwelo n'kubzalapo kapinga kapena kuikapo bwalo la basketball, poti zonsezo ndi zosangalalira panja. Chimene sangachite popanda chilolezo n'kumangapo ofesi, sukulu kapena polisi, ngakhale kuti zimenezo ndi zothandiza anthu. Muyang'anitsitsenso mpanda wa "kanthawi kochepa". Kontrakitala akaunjika zitsulo ndi makina ake m'paki yotere kupitirira miyezi isanu ndi umodzi pa ntchito yosakhudza pakiyo, National Park Service imatenga kuti malowo asinthidwa ntchito, ndipo nkhani ya chobwezera imayamba.

Bambo Mlangizi, kwathu kuno bungwe lina lakunja linatikonzera bwalo la masewera la ana pamalo omwe khonsolo inapereka. Bungwelo linapita, ndipo tsopano tikuona anthu akukhoma zikhomo m'mbali mwa bwalolo. Tinamva kuti ndalama zinachokera ku America. Kodi malamulo a kumeneko angatiteteze? *Mphunzitsi wopuma, Lilongwe*

Aphunzitsi, lamulo ndafotokoza pamwambapa limagwira ntchito pa nthaka ya America yokha, ndiponso pa ndalama za thumba limodzi lokhalo. Silifika kuno. Chokutetezani inu chili m'mapepala awiri. Loyamba ndi mgwirizano womwe bungwelo linasainirana ndi khonsolo, ngati munalembedwa kuti malowo akhale a masewera ndiponso kwa zaka zingati. Lachiwiri ndi pulani ya dera lanu, yomwe imasonyeza ngati malowo anasiyidwa dala kuti asamangidwepo. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna chilolezo munthu asanamange kapena kusintha ntchito ya malo, choncho wokhoma zikhomoyo ayenera kukhala ndi pepala loonetsa. Kuyambira mu 2020 lamulo la Access to Information likugwira ntchito, ndipo mukhoza kulemba kalata ku khonsolo yopempha mapepala onsewa. Lembani ngati komiti ya m'dera, mudutse kwa khansala ndi mfumu ya m'dera lanu, musunge kope lodindidwa chidindo cha tsiku lomwe alandira. Pakadali pano jambulani zikhomozo pamene zili, ndipo ana asaleke kusewerapo.

*Tumizani mafunso anu kwa Mkonzi. Mayina sitisindikiza.*